Magudumu Atsopano pa Hilux Yakale: Kodi Galimoto Ikadali Yomweyo?

Magudumu a Toyota Hilux yatsopano amatha kulowa pa Hilux yakale ya 4x4, chifukwa zonse zili ndi mabawuti 6 oyalidwa mozungulira pa mamilimita 139.7. Amakaniko a m'mbali mwa Voortrekker Road ku Cape Town amangoonetsetsa kuti teyala lisakhule thupi la galimoto pokhota. Chotsalira ndi funso la anzeru akale: ziwalo zikasinthidwa chimodzichimodzi, galimotoyo imaleka liti kukhala yomweyo?

Boma la South Africa limazindikira galimoto ndi nambala ya chasisi komanso ya injini. Wosintha injini amafunika kukhala ndi chikalata cha apolisi. Wosintha magudumu ayi. Malamulowa anaikidwa pofuna kugwira akuba, koma sayankha funsolo.

Plutarch analemba za chombo cha Theseus ku Athens, chimene matabwa ake owola ankasinthidwa mpaka anthu kutsutsana ngati chinali chomwecho. Mu 1655 Thomas Hobbes anawonjezera vuto: wina atatola matabwa otayidwawo n'kumanga chombo chachiwiri, chenicheni n'chiti? Mmonke wa Chibuda, Nagasena, anauza mfumu Milinda kuti ngolo si gudumu kapena mtanda wake, koma dzina limene anthu anagwirizana kupatsa ziwalo zolumikizidwa, ndipo anati munthunso ali chimodzimodzi.