Mlandu wa Bilimankhwe wa m'Cigubu

Mwezi wa Januwale caka catha, ndikufunafuna khasu kuseri kwa nkhokwe, ndidapeza cigubu ca mafuta ophikira ca malita 5, codula kukamwa ndi kuvundikira ndi kathabwa. M'kati mwake mudali bilimankhwe. Adali wakuda bii ngati khala, maso atalowa m'kati, nthiti zikuwerengeka. Pambali pake padali nyenyeswa za nsima zocita nkhungu.

Mwini wake adapezeka madzulo, ndipo adali mdzukulu wanga wa zaka 11. Adaona pa foni ya mnzake kuti kumayiko akutali anthu amaweta tinyama totere m'mabokosi a galasi, ndipo amatigula ndi ndalama zambiri. Tsono atamupeza akudutsa msewu wopita ku Ulongue, adamutola kuti amusunge mpaka wogula adzapezeke. Wogula sadabwere. Kupalira ndi mpira zidamutangwanitsa mnyamatayo, ndipo padatha masabata atatu.

"Agogo, ine sindidamumenye," adatero akuyang'ana pansi. "Sindidamucite kanthu."

Mawu amenewa ndi amene andilembetsa nkhani ino. Mwanayo sadaname. Koma kodi munthu amene sadacite kanthu angakhale ndi mlandu?

Ndiyambe ndaulula zanga. Ife a kuno, mbali zonse ziwiri za malire, sitimukonda bilimankhwe. Tidakula tikumva kuti kalekale Cauta adamutuma kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Pambuyo pake adatuma buluzi, ena amati gulo, ndi uthenga wakuti akafa afa basi. Buluzi adathamanga nafika poyamba, ndipo mawu ake ndi amene adakhazikika. Tili anyamata kubusa, tikamugwira bilimankhwe tinkamuthira fodya wopera m'kamwa ndi kumuonerera akusintha mitundu mpaka kufa. Ine ndidacitapo, osati kamodzi. Tinkati tikubwezera imfa ya makolo athu.

Taganizirani bwino nthano imeneyi. Bilimankhwe sadaphe munthu. Sadaname, sadasinthe uthenga. Colakwa cake cidali kucedwa ndi cinthu cimene adapatsidwa m'manja, pamene moyo wa ena udali kudalira iye. Ndiye kuti makolo athu adaweruza kale mlandu umene ndafunsa uja: wosenza moyo wa wina akazengereza, mawu akuti "sindidacite kanthu" samupulumutsa. Codabwitsa n'cakuti ciweruzo cimeneci timacikumbukira tikaona kanyamako panjira, koma timaciiwala tikafika pakhomo pathu.

Ndidaganiza zomupulumutsa, ndipo poyamba ndidalakwitsa zonse. Ndidamuikira madzi m'kacitsekerero ka botolo, ndi kaciduswa ka phwetekere. Sadayang'aneko n'komwe. Adandithandiza ndi mphunzitsi wina wacinyamata wa ku sekondale amene amakhala pafupi nafe. Iye adati bilimankhwe sazolowera kumwa madzi odikha m'mbale, amanyambita madontho a mame ndi a mvula pamasamba. Sadya cinthu cakufa, amafuna kacirombo koyenda. Thupi lake lilibe moto wakewake ngati lathu, conco amayenera kuothera dzuwa la m'mawa, ndipo akakhala nthawi yaitali mumdima mafupa ake amafewa. Maso olowa aja cidali cizindikiro ca ludzu, ndipo kuda kuja kudali kwa mantha ndi kuzizidwa. Adatinso alibe ululu uliwonse, koma tisamamugwiregwire, cifukwa kwa iye dzanja la munthu ndi kabawi.

Tidamanga kakhola ka nsungwi, tidakakuta ndi neti yong'ambika ya udzudzu, ndi kuikamo nthambi za gwafa za masamba. Tidakaika pamene dzuwa la m'mawa limafika koma la masana silifika. Kawiri pa tsiku tinkawaza madzi pamasamba ndi zala. Tsiku lacitatu tidamuona akutsegula kukamwa pang'onopang'ono ndi kulandira dontho. Tsiku lacisanu adaponya lilime kwa kaciwala, naphonya kawiri, kacitatu nagwira. Nchito yogwira ziwala idali ya mdzukulu wanga, ndipo ndidamuletsa kuzitenga m'dimba la mbatatesi ndi la phwetekere, cifukwa m'menemo timapoperamo mankhwala. Patatha mwezi umodzi adafundula khungu loyera ngati pepala, ndipo kubiriwira kudabwerera.

Pamenepa ndidaphunzira kuti kusamala cinthu kumayamba ndi kudziwa zimene ico cimafuna. Mdzukulu wanga adamupatsa nsima cifukwa iye amakhuta nsima. Ine ndidamupatsa madzi m'mbale cifukwa ndimamwera m'kapu. Tonse awiri tidali ndi mtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo ukadamupha.

Akazi anga sadakondwe nazo. "Bambo," adatero, "Januwale uno, nkhokwe yatsala pang'ono kuoneka pansi, inu muli kutumikira kacirombo? Anthu akakuonani adzati ciyani? Paja cifundo cidapha nkhwali."

Mawu awo sindidawapeputse. Ndi zoona kuti mwezi umenewu anthu ambiri amagona ndi njala, ndipo munthu wodyetsa nyama mnansi wake akuvutika wasokoneza zinthu. Ndi zoonanso kuti sitingathe kusenza cisoni ca colengedwa ciliconse. Kuchire bilimankhwe amadyedwa ndi njoka ndi mbalame tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amaitanitsa bwalo. Kwa bilimankhwe wa mumtengo ndilibe ngongole ina koposa kumusiya apite.

Koma wa m'cigubu uja adali wina. Asanagwidwe ankadzipezera yekha mame, dzuwa ndi ziwala. Dzanja la pakhomo panga ndi limene lidamulanda zonsezo. Kuyambira tsiku limene kathabwa kadaikidwa pamwamba, ludzu lake lidasanduka mlandu wathu. Conco ndidawayankha akazi anga kuti ici sicidali cifundo. Cifundo munthu amacita akafuna, akapanda kufuna palibe womuimba mlandu. Iyi idali ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa ngakhale mwini wake ali wonyansa m'maso mwako, ngakhale sadzanena zikomo.

M'cinenero cathu mawu akuti kusunga ali pawiri. Timasunga ndalama m'kathumba, timasunganso mwana wamasiye. Ndalama ukaziiwala mwezi wathunthu umazipeza zili momwemo. Camoyo sicitero. Mdzukulu wanga adasunga camoyo ngati ndalama, ndipo sali yekha. Dzinja lino mbuzi zathu zili pazingwe kuti zisadye cimanga ca eni. Mbuzi yomasuka imadzifunira msipu ndi mthunzi, koma yomangidwa pacikhomo imadya pokhapo pamene cingwe cafika, ndipo mwini wake akacedwa ku msika wa Tsangano imalira dzuwa lonse. Tonse tikudziwanso atsikana ang'onoang'ono amene acibale adawatenga kupita nawo ku Tete kapena ku Lilongwe ndi mawu akuti "tikamusunga, akaphunzira", nabwerako patapita zaka osadziwa kulemba dzina, manja atakakala ndi kucapa. Tikudziwa agogo amene ana awo adawasamutsa pabwinja pawo powamvera cisoni, kenaka n'kuwaiwala m'kanyumba ka kuseri. Ofunsidwa onse amayankha ngati mdzukulu wanga: sitidamumenye.

Kumapeto kwa Febuluwale bilimankhwe adali atanenepa, mcira ukugwira nthambi mwamphamvu. Ndidati nthawi yakwana yomubweza. Mnyamata adakana.

"Agogo, tamuciritsa ndife. Tsopano ndi wathu. Ndizimugwirira ziwala tsiku lililonse, sindidzaiwalanso."

Ndidatsala pang'ono kuvomera, cifukwa nanenso ndidali nditazolowera kumuona m'mawa akutembenuza diso limodzi kwa ine, lina kumwamba. Koma ndidamufunsa mwanayo kuti tidamulanda ciyani poyamba. Adaganiza, nati, "Mtengo." Ndidamuuza kuti wakuba mbuzi sakhala mwini wake cifukwa coidyetsa bwino. Ziwala ndi madzi zidali ciwongoladzanja cabe. Ngongole yeniyeni idali mtengo uja, ndipo tikapanda kuubweza ndiye kuti tangosintha cigubu coipa ndi cigubu cabwino.

Tidamunyamula ali panthambi yake kupita kukachire ka m'mbali mwa mtsinje, kutali ndi msewu. Mdzukulu wanga ndiye adagunditsa nthambiyo ku citsamba. Bilimankhwe adatenga nthawi yake monga mwa khalidwe lake, phazi kutsogolo, kubwerera pang'ono, kutsogolonso. Tidaimirira mpaka maso athu adalephera kumusiyanitsa ndi masamba.

Pobwerera mnyamatayo adandifunsa ngati Cauta adamukhululukira bilimankhwe pa kucedwa kwake kuja. Ndidati sindidziwa, koma ine amene ndidathira abale ake fodya m'kamwa ndilibe pakamwa pomuweruzira. Titafika pakhomo sadalowe m'nyumba. Adatenga cigubu cija, nacitsuka, nathiramo madzi, napita nawo kudambo kumene mbuzi zathu zidamangidwa cim'mawa.