Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Akuluakulu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Adzukulu athuwa mwambi umenewu amauiwala akangoona nsapato pa AliExpress kapena diresi pa Shein. Amadina pafoni, ndalama n'kupita, iwo n'kuyamba kudzitama kuti agula motchipa. Agula chiyani, katundu akadali ku China?

Nkhope imadzagwa tsiku lomwe phukusi latera pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka. A bungwe lotolera msonkho la MRA sayang'ana mtengo wa nsapato wokha ayi. Amaphatikizapo ndalama yonyamulira ndi ya inshuwalansi, ndiye pa chiwerengero chimenecho n'kudulapo msonkho wa kasitomu. Kenako VAT, yomwe inakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri isanakwere, imadzakhala pamwamba pa zonsezo, ndi msonkho woyamba uja womwe. Msonkho kubereka msonkho unzake! Musaiwalenso kuti mtengowo ngwa madola ndipo amausandutsa makwacha, pomwe kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ejenti wokuombolerani katundu nayenso sagwira yaulere.

Ine sindikuti boma lisatolere. Walira mvula walira matope. Wofuna mankhwala kuchipatala ndi choko kusukulu asaipidwe ndi msonkho. Nanga wasitolo wa ku Limbe, amene analipira kale pa chipata cha Mwanza kapena Songwe, angapikisane bwanji ndi phukusi lolowa ulele?

Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amamva za ndalamazi atapanikizika kale: alipire, apo ayi katundu atsale. Wogulitsa uja anazilemba ndithu, koma m'timalemba tating'ono tomwe ngakhale mwana wa maso akuthwa sawerenga. Ena akapsa kamodzi amayamba kunyengerera wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza pa phukusi. Kumeneko n'kuputa mavu; akakutulukira, chindapusa chake chimaposa msonkho womwe umathawa.

Tsono inu a msonkho, tiuziretuni zimenezi m'Chichewa chomveka, pawailesi ndi pafoni pomwepo, kuti munthu adziwiretu chomwe chikumudikira. Nanunso adzukulu, musanadine, yambani mwafunsa, muwerengere zonse, kenako mukaone mtengo wa nsapato yomweyo mumsika wa Lilongwe.