Kodi Nkoyenera Kuphunzitsa Mwana Kukonda Njobvu?

M'cigwa ca Luangwa, m'midzi yozungulira Mfuwe, mwana wa sukulu akhoza kumva mau a mitundu iwiri pa tsiku limodzi. Masana, pa msonkhano wa ana ophunzira za nyama za m'thengo, amuuza kuti njobvu ndico cuma ca dziko ndipo iyenera kusungidwa. Usiku ali pa cilindo pamodzi ndi atate ace, naomba citini kuingitsa njobvu yomweyo imene yalowa m'munda wa cimanga. Kukaca apeza kuti nchito ya miyezi itatu yathera pansi. Tsono mwanayo akhulupirire yani, mphunzitsi kapena njala? Funso limeneli liyenera kubvuta munthu ali yense amene adzipereka kuphunzitsa anzace za kusunga nthaka, mitengo ndi nyama.

Mabungwe a nchito yotere sali acilendo m'Zambia. M'caka ca 1972 bungwe losunga nyama za m'thengo linayambitsa timagulu ta Chongololo m'masukulu, ndipo m'caka ca 1978 maphunziro ace anayamba kumveka pa wailesi. Ku Mfuwe bungwe la Chipembele linatsegula nyumba yace yophunzitsiramo ana m'caka ca 2001. Palibe bungwe lotere limene lingaime lokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lisowa aphunzitsi a sukulu, mafumu, anchito a Boma oyang'anira nyama, eni misasa ya alendo, ndiponso anthu a maiko akutali amene atumiza ndarama. Koma bwenzi liri lonse libwera ndi cifuniro cace. Mwini msasa afuna nyama zicuruke kuti alendo adze. Mfumu ifuna mtendere m'midzi. Wopereka ndarama afuna kumva mbiri yokoma. Bungwe lopanda mfundo zace-zace lidzangotengeka ndi uyo amene ali ndi mau akuru koposa.

Akuru ena a m'midzi amati maphunzirowa ndiwo cinyengo. Iwo amati: nyama nza Boma ndi alendo, koma njala njathu. Mau awa sayenera kusekedwa, cifukwa anenedwa ndi anthu amene anaika maliro a abale ao ophedwa ndi njobvu kapena ng'ona. Komabe pali cinthu cimodzi cimene ciwatsutsa, ndico mbiri ya cipembere. Kale nyama imeneyi inali yambiri m'cigwa ca Luangwa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 inaphedwa cifukwa ca nyanga yace imene inagulitsidwa kunja, kotero kuti m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse simunatsale cipembere cakuda ngakhale cimodzi. M'caka ca 2003 kunayenera kutenga zipembere zisanu ku South Africa pa ndege, kuziika ku North Luangwa. Cuma ca nyanga zija sicinakhale m'midzi iai. Cinapita ndi amalonda. Anthu a m'cigwa anatsala opanda ndarama ndi opanda nyama yomwe. Cotero kusaphunzitsa nakonso kuli ndi mtengo wace, ndipo aulipira ndi ana amene sanabadwe. Akale anati m'mera mpoyamba.

Ngati tsono kuphunzitsa kuli kofunika, funso lisanduka lakuti: kuphunzitsa kwa mtundu wanji? Mfundo yoyamba ndiyo kunena zoona. Mphunzitsi amene aonetsa ana zithunzi zokongola za njobvu, osachula konse za munda woonongeka, ataya cikhulupiriro cao, pakuti anawo adziwa zimene anaona ndi maso. Woona mtima anena mbali zonse ziwiri: kuti njobvu iononga ndi kupha, ndiponso kuti imwaza mbeu za mitengo m'ndowe zace, nikumba madzi m'mcenga wa mitsinje youma amene nyama zina zimwako. Atatero apitirira kuphunzitsa zothandiza, monga kucinjiriza minda ndi tsabola amene njobvu idana naye, ndi kumanga nkhokwe zolimba zimene singathe kupasula. Cikondi cimene cimera pa bodza cifota dzinja loyamba.

Mfundo yaciwiri ndiyo ulemu. Kusunga za m'thengo sikunayambe ndi sukulu. Makolo analeka mitengo ya zipatso, monga misuku ndi mibuyu, potema munda. Sanalowe ndi nkhwangwa m'nkhalango ya kumanda. Ndipo mafumu anali ndi mphamvu pa uzimba. Bungwe limene liyesa anthu a m'mudzi mbuli licimwa kawiri: litaya nzeru imene likanapindula nayo, ndiponso liphunzitsa mwana kupeputsa atate ace. Coipa koposa ndico kusandutsa mwana kazitape wa m'nyumba, woulula msampha wa amalume ace. Nyama imodzi ingapulumuke motero, koma banja lasweka, ndipo mudzi wonse udzatseka makutu. Ndi bwino kuitana nkhalamba idzakhale pansi pa mtengo ndi ana, iwauze maina a mitengo ndi mapazi a nyama, kuti mwana aone kuti buku ndi agogo ace sali adani.

Mfundo yacitatu ndiyo cilungamo pogawana phindu. Citsanzo cace nca kale ndithu. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu yaikuru Nsefu ya Akunda kuti ipatule mbali ya dziko lace likhale losungiramo nyama. Anamangako msasa wa alendo, ndipo ndarama zimene alendo analipira zinapita ku thumba la Akunda eni ace. Cipangano cimeneci cinaonetsa kuti mwini dziko angakhale mnzace wa mlendo, osati wanchito wace cabe. Maganizo omwewo anaonekanso m'lamulo la nyama la 1998, limene linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi olandirako gawo la ndarama za nyama. Ndiponso m'bungwe la COMACO, loyamba m'caka ca 2003, limene ligula nsawa, mpunga ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti ndi misampha yao. Bungwe lophunzitsa siligawa ndarama zotere, koma liyenera kuphunzitsa ana kufunsa kumene zipita. Kuuza wosauka kuti asunge cuma cimene iye sadzalawako ndiko kumcita cipongwe.

Mfundo zitatuzi ndizo muyeso woyesera mabwenzi. Akale anati kupatsa nkuikiza, ndipo wolandira ayenera kudziwa cimene wopatsayo ayembekeza. Bwenzi labwino lilola kuti bungwe linene zolephera zace pamodzi ndi zopambana. Lilola kuti mabuku a ndarama aonekere kwa mfumu ndi makolo. Likondwa poona ana a m'cigwa momwemo akukula nakhala atsogoleri a nchitoyo. Bwenzi limene lifuna zithunzi za ana osekerera zokha, kapena lifuna bungwe likhale cete pamene anthu a m'midzi alakwiridwa, liyenera kukanidwa mwaulemu, ngakhale thumba lace likhale lalikuru. Kukana kotere nkowawa, cifukwa kungatanthauze kusowa galimoto kapena malipiro a mphunzitsi. Koma bungwe limene lagulitsa liu lace liribenso cophunzitsa.

Yankho tsono ndi ili: nkoyenera kuphunzitsa mwana kusunga njobvu, pokhapo ngati wophunzitsayo asamaliranso munda wa atate a mwanayo. Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ali ndi malo ao pa nkhani imeneyi, pakuti iwo adziwa cinenero ca buku ndi ca pabwalo comwe. Angathe kuwerengera mudzi cipangano cisanasainidwe, nafunsa alendo mafunso amene nkhalamba icita manyazi kufunsa. Akacita cotero, mwana uja wa pa cilindo sadzafunikanso kusankha pakati pa mphunzitsi wace ndi atate ace.