MLENDO PA ULENDO, MLENDO M'BANJA



Masika apita, dzinthu zalowa m'nkhokwe, ndi njira zauma. Pa nyengo yotere zioneka zinthu ziwiri m'mipingo mwathu chaka ndi chaka. Choyamba, anyamata ndi asungwana amanga akatundu ao kunka kukalalikira Uthenga Wabwino kwa anthu a mitundu ina, ena kunyanja, ena kuchigwa cha Shire, ena kumpoto, ndi ena kuoloka malire kulowa ku Angonia m'dziko la Mozambique. Chachiwiri, maina a iwo ofuna kukwatirana awerengedwa m'nyumba ya Mulungu pamaso pa mpingo. Ife tifuna kunena za ziwirizi pamodzi, pakuti wonka kwa eni ndi Mau a Mulungu, ndi wolowa m'banja latsopano, onse awiri ali alendo, ndipo nthenda imene igwira mmodzi ndiyo igwiranso mnzake.

NTHENDA YA MLENDO

Nthendayi iyamba ndi kukondwa. Tsiku loyamba zonse zikoma. Anyamata aimba pa galimoto, eni mudzi awalandira ndi nthungululu, ndipo aliyense ayesa kuti ntchito ya Ambuye njopepuka. Koma akagona masiku atatu kapena anai, mtima uyamba kulema. Mwana wa ku Dowa wozolowera nsima ya ufa woyera apatsidwa kondowole ku Nkhata Bay, ndipo dzanja lake likana. Wa kumapiri a Dedza, kumene kuzizira, asowa tulo ndi kutentha ndi udzudzu wa ku Nsanje. Wofika ku Karonga aona nthochi zophikidwa ndi nyama, nafunsa kuti chakudya chenicheni chidzafika liti. Anthu aseka m'chinenero chimene iye sachimva, nayesa kuti aseka iye. Pamenepo chibuka chifundo cha kwao. Ndipo chifundo cha kwao chikakula chibala kunyoza. Munthu ayamba kunena mumtima mwake kuti, Anthu awa sadziwa kuphika, sadziwa ulemu, sadziwa kupemphera.

Abale, kulema mtima kumeneku sikuli tchimo ai. Thupi ndi mtima zizolowera za kwao monga phazi lizolowera njira ya kudimba, ndipo zikasowa zozolowerazo zidandaula. Tchimo liyamba pamene kulemako kusanduka kunyoza, ndipo kunyozako kutuluka pakamwa. Makolo athu anati, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo. Mau amodzi onyoza chakudya cha mwini nyumba akhoza kutseka mudzi wonse kwa zaka, ndipo mlaliki wa komweko, amene atsala pamene inu mwabwerera, ndiye adzasenza manyazi anu.

ZIMENE MALEMBO ATIPHUNZITSA

Nthendayi si ya lero. M'buku la Machitidwe, mutu 13, tiwerenga za mnyamata Yohane Marko, amene ananyamuka ndi Paulo ndi Barnaba monga mthandizi wao. Anayenda nao pa chisumbu cha Kupro. Koma atafika ku Perge wa ku Pamfuliya anawasiya, nabwerera ku Yerusalemu, kumene kunali nyumba ya amake. Kubwerera kwakeko kunautsa mkangano waukulu pambuyo pake, kotero kuti Paulo ndi Barnaba analekana njira. Koma Barnaba sanamtaya mnyamatayo, anamtenganso. Ndipo Paulo atakalamba, m'kalata yachiwiri kwa Timoteo, anapempha kuti amtengere Marko yemweyo, popeza anali atasanduka wothandiza pa utumiki. Chifukwa chake inu akulu a mpingo, mwana akabwerera ku ulendo atalephera, musamlembe kuti ngwachabe. Afuna Barnaba.

Ambuye Yesu mwini, potuma ophunzira awiriawiri m'buku la Luka mutu 10, anawalamulira kuti akhale m'nyumba imene yawalandira, adye zimene apatsidwa, ndipo asayendeyende kufuna nyumba yoposa. Taonani kuti lamulo la chakudya liima pamodzi ndi lamulo la kulalikira. Wokana mbale ya munthu akana munthuyo. Ngakhale Petro, mtumwi wamkulu, anayenera kuphunzitsidwa ndi masomphenya ku Yopa asanalowe m'nyumba ya Korneliyo ku Kaisareya, pakuti mwambo wa kwao unamletsa kudya ndi anthu a mitundu ina. Mulungu anayamba kutembenuza mtima wa mlaliki, ndipo pambuyo pake mtima wa omva.

ZA IWO AMENE ANATITSOGOLERA

Uthenga unafika kwa ife ndi anthu amene anaphunzira kukhala alendo. William Koyi anachokera ku Lovedale m'dziko la South Africa, nafika kunyanja kuno m'chaka cha 1876. Iye ndiye anatsegula njira kwa Angoni a M'mbelwa, anthu a nkhondo amene ambiri anawaopa. Anakhala pakati pao ku Njuyu, nalankhula nao m'chinenero chofanana ndi chao, napirira zaka zimene sanaloledwe kuchita zonse anazifuna, kufikira anamwalira m'chaka cha 1886. Sanaona zokolola zambiri ndi maso ake, koma ena anakolola pamene iye analima ndi chipiriro.

Kumbukiraninso David Kaunda. Iye anali mmodzi wa ophunzira a ku Livingstonia amene anatumidwa kukalalikira kwa Abemba m'zaka za 1904 ndi 1905. Unali ulendo wa anyamata monga maulendo anuwa. Koma iye sanakaona chabe ndi kubwerera; anakhazikika ku Chinsali, naphunzira Chibemba, namanga banja lake pakati pa anthuwo, nakhala komweko kufikira imfa yake. Mwana wake Kenneth anabadwira ku Lubwa m'chaka cha 1924, ndiye amene anakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia m'chaka cha 1964. Ndimo mmene mlendo wofatsa asandukira mbale.

KUSIYANITSA MWAMBO NDI TCHIMO

Tsono wina adzafunsa kuti, Kodi tivomereze zonse tiziona kwa eni? Iai. Koma pafunika nzeru kusiyanitsa chachilendo ndi choipa. Chakudya, mavalidwe, maperekedwe a moni, maimbidwe, kukhala pansi kapena kuimirira popemphera, izi zisiyana mtundu ndi mtundu, ndipo Mulungu sanazitsutsa. Mukafika ku Mangochi pakati pa Ayao achisilamu, amene sadya nkhumba kapena mbewa, ndipo asonkhana tsiku Lachisanu, musanyamule zimene iwo anyansidwa nazo kulowa nazo m'mudzi mwao, ndipo musaimike zokuzira mau pafupi ndi mzikiti pa ola la mapemphero ao. Kuchita chotero sikuli kulimba mtima. Kuli kusowa mwambo.

Koma ilipo miyambo imene ipweteka ofooka: kukwatitsa kamwana, kukakamiza mkazi wamasiye, kulanda chuma cha ana amasiye. Imeneyi njoipa kulikonse. Pokhapo kumbukirani kuti mtundu uliwonse uli nazo zake. Ife Achewa tidziwa za fisi wa pa chinamwali, ndipo sitingaloze chala anzathu monga ngati kwathu nkoyera. Ndiponso mlendo wa masiku khumi sakhala woweruza. Mukaona choipa, kanenani kwa abusa ndi akulu a mpingo a komweko, amene adziwa mafumu ndi eni mbumba, ndipo adzatsala nayo nkhaniyo. Safunsa anadya phula. Funsani kawiri musanadzudzule kamodzi.

Ndipo pobwera kumudzi chenjeraninso. Ena abwera ndi mtima wonyada, napeputsa mapemphero a kwao, nayesa makolo ao ogona. Iye amene ulendo wampindulira adziwika ndi ichi, kuti abwera wofatsa koposa mmene anapitira.

CHAKA CHOYAMBA CHA BANJA

Tsono titembenukire kwa inu amene maina anu awerengedwa. Ukwati ndiwo ulendo wonka kwa eni umene ulibe tsiku lobwerera. Mlendo ndi mame, atero akulu, popeza sachedwa kuchoka. Koma mkamwini ndi mtengwa sali mame, akhala.

Pakati pa ife Achewa, mwa mwambo wa chikamwini, mwamuna asiya mudzi wake nakamanga kwao kwa mkazi. Alima munda umene ampatsa, aopa apongozi, ndipo apeza kuti pa nkhani za ana ake atsibweni a anawo ali ndi mau olemera. Pakati pa Atumbuka, Angoni a kumpoto ndi Asena, mwamuna apereka malowolo, ndipo mkazi ndiye anyamuka kunka kwa mwamuna, ndi ana awerengedwa a kuchimuna. Masiku ano ana athu akomana m'sukulu ndi m'mizinda, ndipo Mchewa akwatira Mtumbuka. Ichi nchabwino, pakuti mwa Kristu tili amodzi. Koma ngati ankhoswe sanakhale pansi ukwati usanachitike, ndi kupangana poyera za kumene banja lidzakhala, za ana, ndi za chuma tsiku la maliro, mlandu umene aubisa lero udzauka pa tsiku la misozi.

Ndipo ngakhale a mtundu umodzi, nyumba ziwiri sizifanana. Miyezi yoyamba ikoma monga tsiku loyamba la ulendo. Pambuyo pake zioneka zazing'ono: nsima yalimba kapena yafewa, mchere wachuluka, wina azolowera kudzuka mbandakucha ndi wina ai, wina kwao ndalama isungidwa ndi atate, wina kwao ndi amai, wina afuna abale adze tsiku ndi tsiku, wina afuna bata. Pamenepo atuluka mau aja oononga: Kwathu sitichita chotere, amai anga saphika chotere. Abale, mabanja ambiri amene milandu yao ifika kwa akulu a mpingo sanagwe ndi chigololo poyamba. Anayamba kung'aluka ndi mau otere, onenedwa kawirikawiri kufikira chikondi chinazirala.

Mulungu adziwa kuti chaka choyamba ncholemera. M'buku la Deuteronomo, mutu 24, analamulira Aisrayeli kuti mwamuna wokwatira chatsopano asatumidwe kunkhondo kapena kusenzetsedwa ntchito ya dziko chaka chathunthu, koma akhale kwao kukondweretsa mkazi wake. Ngati nkhondo yomwe inayenera kudikira, nanga ife? Tiwadandaulira anyamata amene akwatira mwezi uno, ndi mwezi wamawa akwera basi kunka ku Johannesburg, kusiya mkazi pakati pa anthu amene sanawazolowere. Tidziwa kuti umphawi ukakamiza. Koma ngati nkutheka, yambani mwadziwana. Ndipo ife a mpingo tisasenzetse okwatirana chatsopano maudindo ndi maulendo ochuluka, monga ngati nyumba yao siili ntchito ya Mulungu.

Chimene tinena kwa wa pa ulendo tinena kwa inunso. Idyani chimene mwapatsidwa ndi kuyamika. Funsani chifukwa cha mwambo wa mnzanu musanautsutse. Zolakwa za m'nyumba musathamange nazo kwa amai anu, kapena kuzilemba pa foni kuti dziko lonse liwerenge. Ankhoswe alipo chifukwa cha chimenechi. Pempherani pamodzi madzulo, ngakhale tsiku limene mwayambana, pakuti nkovuta kusunga mkwiyo pa munthu amene wagwada nawe. Ndipo pang'ono ndi pang'ono mudzamanga mwambo wachitatu, wosakhala wa kuchimuna kapena wa kuchikazi, koma wa nyumba yanu pamaso pa Ambuye.

MUSAFULUMIRE

Atsala mau amodzi, ndiwo olemera. Pa maulendo awa anyamata ndi asungwana ayenda pamodzi, aimba pamodzi, mitima ili yotentha, ndipo ena abwera atapangana ukwati. Sitinena kuti Mulungu sangakomanitse anthu pa ntchito yake. Koma munthu wa pa ulendo avala nkhope ya pa Sabata. Simunamuone atakwiya, atasowa ndalama, kapena ali ndi khasu m'manja mwezi wa Januwale. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mudziwe kwao, akudziweni kwanu, ndipo ipite nyengo. Atsogoleri a ulendo aonetsetse kuti pali amai achikulire ogona ndi asungwana, ndi abambo ogona ndi anyamata, kuti dzina la Ambuye lisachitidwe mwano.

Kwa inu makolo tinena mosabisa. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira m'Malawi, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko, kuchotsa mpata umene unalola ana ochepera msinkhuwo kukwatiwa makolo akavomera. Koma ngakhale boma likadakhala chete, chikumbu mtima chikadanena. Ngati mnyamata wamkulu alema mtima ndi masiku khumi kwa eni, nanga kamsungwana ka zaka 15 kadzasenza bwanji moyo wonse m'nyumba ya eni, ndi mimba imene thupi lake silinakhwimire? Rebeka, m'buku la Genesis mutu 24, anafunsidwa ngati afuna kunka, ndipo anayankha yekha. Mwana amene sanakule sangathe kuyankha chotero. Msiyeni atsirize sukulu. Njala ya chaka chimodzi isagulitse moyo wake wonse.

Potsiriza, abale, tikumbukire kuti Ambuye wathu mwini anakhala mlendo. Anasiya ulemerero wa kwa Atate, nabadwira m'nyumba ya eni, nadya chakudya chathu, nalankhula chinenero cha anthu a ku Galileya, nakhala zaka ngati 30 asanayambe kuphunzitsa poyera. Sanatinyoza, angakhale anapeza mwa ife zoipa zenizeni. Iye amene anatipirira chotero atipatse mtima wake, kuti ana athu opita abwere ndi mbiri yokoma, ndi nyumba zomangidwa chaka chino ziime kufikira imfa. Muwapempherere potchula maina ao m'mapemphero a m'mudzi mwanu mwezi uno. Amen.