Asherifu Akaima Pageti

Mayi akaferedwa mwamuna, nthawi zambiri amatsala ndi nyumba, ana, ndiponso makalata amene sanawawerengepo. Pakati pa makalatawo pamakhala ya khonsolo ya mzinda, yokumbutsa za msonkho wa nyumba ndi malo. Kaya malemu ankalipira kaya ayi, mayiyo sadziwa. Chaka chimatha, china n'kuthanso, ngongole ikukula. Nkhani ikapita kukhothi n'kugamulidwa, tsiku lina m'mawa pageti pamaima galimoto, asherifu n'kutsika ndi chikalata m'manja. Apa n'kuti pangongole ija pawonjezeka za kukhothi, za maloya, ndi za asherifu amene abwera kudzanyamula katunduwo. Kodi n'chilungamo kuti munthu amene walephera kulipira chifukwa cha kusowa alipirenso mtengo womulanda?

Msonkhowo pawokha ulibe mlandu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2240, amaphunzitsa kuti kukhoma msonkho ndi udindo wa mkhristu, ndipo Paulo Woyera akunenanso zomwezo m'mutu 13 wa kalata yake kwa Aroma. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yotolera msonkhowu kuti zinyalala zichotsedwe, ngalande zikonzedwe, misika isamalidwe. Ambiri amadandaula kuti zinyalalazo zimangounjikana pamsika, ndipo sanama. Koma aliponso eni nyumba zikuluzikulu amene lendi amalandira mwezi ndi mwezi, msonkho n'kumauzengereza dala. Oterewa akapanda kukakamizidwa, amene amawasenzera katundu ndi mnzawo wokhulupirika. Munthu wozemba ali nazo akalipira mtengo womutsatira, palibe chimene chalakwika.

Vuto n'lakuti chikalata cha khothi sichisiyanitsa wosafuna ndi wosatha. Ku England, kumene abale a akhristu ena akukhala, malamulo a 2014 anaika poyera mitengo ya anthu otolera ngongole zotere: £75 nkhani ikangoperekedwa kwa iwo, £235 akafika pakhomo, ndi £110 katundu akamapita kokagulitsidwa. Ubwino wake ngwakuti mtengo ngwodziwika, wotolera sangangodzitchulira za m'mutu mwake. Komabe £235 imeneyo kwa wolemera ndi ya mafuta a galimoto, pamene kwa wosauka ikhoza kuposa ngongole imene anayamba nayo. Chilango chofanana pa anthu osiyana sichikhala chofanana. Malamulo ena, a 2013, amaletsa kutenga mabedi, chophikira, ndi zipangizo zimene munthu amagwirira ntchito ngati mtengo wake sukupitirira £1,350.

Nzeru yoteteza zipangizoyi njakalekale. Mutu 24 wa buku la Deuteronomo sukana kuti ngongole ibwezedwe, ndipo umalola kutenga chikole, koma umaika malire. Mphero sitengedwa, ngakhale mwala wake wapamwamba wokha, chifukwa kutero n'kutenga moyo wa munthu. Banja la masiku amenewo linkapera tirigu tsiku ndi tsiku. Popanda mphero, buledi palibe. Mphero ya m'tauni lero ndi mashini osokera, njinga ya kabaza, filiji ya mayi wogulitsa mafilizesi. Wolanda zimenezi amapeza ndalama kamodzi, n'kutseka chitsime chimene msonkho wa chaka chamawa ukanachokera. Ngakhale powerengera phindu lokha, khonsolo imaluza.

Mutu womwewo uli ndi lamulo lina laling'ono koma lozama. Wobwereketsa saloledwa kulowa m'nyumba kukadzisankhira chikole. Amaima panja, mwini nyumba n'kutulutsa yekha. Ndalama sizisintha ndi lamuloli. Chimene likuteteza ndi ulemu wa munthu pamaso pa ana ake ndi aneba. Aliyense amene anaonapo mipando ikutulutsidwa, anthu atadzaza pamsewu, akudziwa kuti manyaziwo amakhalitsa kuposa ngongole. Ndipo chofunda cha mmphawi chiyenera kubwezedwa dzuwa lisanalowe, kuti asagone pamphepo.

Nanga sherifuyo? N'kutheka kuti naye Lamulungu amakhala pabenchi m'tchalitchi momwemo. Okhometsa msonkho atapita kwa Yohane Mbatizi, m'mutu 3 wa Luka, sanawauze kuti asiye ntchito. Anawauza kuti asamatolere zopitirira zimene analamulidwa. Asilikali nawo anawaletsa kulanda ndi kuopseza. Ntchito ya sherifu ngololedwa, pakuti chigamulo chosatsatidwa n'chipepala chabe. Tchimo limalowa pamene wanyamula katundu woposa ngongole, kulemba mtengo wotsika, kapena kupempha kangachepe kuti abwerere. Bwana wa kukhonsolo amene amathamangira kukhothi asanayese kumva mwini ngongole, naye ali ndi chomuyankha Mulungu.

Wangongole ali ndi mbali yakenso. Kubisa kalata pansi pa matiresi n'kofala, ndipo kumachokera m'mantha osati m'mwano, koma n'kumene kumalola mitengo ija kuunjikana. Kupita msanga ku ofesi, kufotokoza zoona zake ndi kupempha kulipira pang'onopang'ono n'kotchipa kuposa kudikira galimoto pageti. Amene zafika kale kukhothi angathe kufunsa thandizo ku Legal Aid Bureau, kapena kuyamba ndi komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi. Asherifu akabwera, n'koyenera kupempha chiphaso chawo, chikalata cha khothi, ndandanda wa katundu amene watengedwa, ndi lisiti ya ndalama iliyonse. Mayi amene akunjenjemera sangakumbukire zonsezi. M'modzi wa mumphakati ataima pambali pake ndi cholembera, zambiri zimayenda mosiyana.

Katundu wolandidwa amakagulitsidwa pa okishoni, nthawi zambiri pamtengo wotsika, ndipo ogula amabwerako akusekerera kuti apeza mwayi. Palibe lamulo limene aphwanya. Ndiponso pakapanda wogula, ngongole ya mayi uja siitsika. Koma mkhristu amene wakweza dzanja pa mashini osokera aja akudziwa kuti m'kabati yake mukadali ulusi ndi tepi ya mwini wake, ndipo mwiniyo mwina amakhala misewu iwiri yokha kuchokera kwawo.