Kwa ana anga a zisudzo kuno kwa Malemia

Ana anga, inu a gulu la zisudzo, takhalani pansi tikambirane. Masewero anu ndimaonera ndipo luso muli nalo. Mnyamata uja wosewera ngati bambo woledzera amatiseketsa mpaka misozi. Koma chilipo chondidandaulitsa: sewero lililonse limene mwationetsa chaka chino ndi lochita kutumidwa. Bungwe likabwera ndi nkhani ya kolera, inu mumasewera za kolera. Lina likabwera ndi yoti anthu asamukire kumtunda madzi asanasefukire, inu mumasewera zosamuka. Mauthengawo ndi abwino, ndipo ife amene tinaona madzi a 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 sitingawanyoze. Koma galimoto ya bungwe ikangobwerera ku Blantyre, alawansi n'kutha, gulu lanu limagona tulo mpaka kudzabwere ena. Ameneyo ndi ganyu, ana anga.

Ndikuuzeni za munthu amene anakana kuti zisudzo zikhale ganyu. Dzina lake Du Chisiza Junior. Anabadwa mu March 1963, bambo ake atamwalira kale. Bambowo anali Dunduzu Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, amene anafa pa ngozi ya galimoto ku Thondwe, kufupi ndi Zomba, mu September 1962. Mbale wa bambo akewo, Yatuta Chisiza, anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida kudzalimbana ndi boma la Kamuzu. Tangoganizani mwana wokula ndi dzina limeneli m'masiku amene munthu ankayamba wacheuka asanatchule mayina ena.

Du anayamba monga mwayambira inumu, ali pasukulu. Ali ku sekondale ya HHI ku Blantyre analemba sewero lotchedwa The Deceased's Attack, ndipo mu 1982 linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a dziko lonse. Kenako anapita ku Philadelphia, ku Amereka, kukaphunzira luso la zisudzo. Anzake ambiri akanakhala konko. Iye anabwerera mu 1987 n'kukhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi muno la anthu odyera zisudzo basi. Masiku amenewo ukauza makolo kuti ntchito yako ndi kusewera, ankakuyang'ana ngati wapenga. Koma anthu ankatulutsa ndalama m'thumba, kulipira pakhomo ku French Cultural Centre ku Blantyre, kukaonera Papa's Empire, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, Democracy Boulevard. Analemba masewero oposa 20 m'zaka zochepa, ndipo anamwalira mu February 1999 ali ndi zaka 35 zokha.

Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti masewero onsewa sanamutume munthu. Ankayang'ana yekha zimene zikuwawa anthu, n'kukhala pansi kulemba. Ndipo ankalemba nthawi yovuta, pamene sewero lililonse linkayenera kuyamba ladutsa ku Censorship Board lisanaonetsedwe. Olemba a nthawi imeneyo anaphunzira kuphiphiritsa: ankanena za bambo wankhanza m'banja kapena bwana wadyera pakampani, oonera n'kumakodolana mwakachetechete chifukwa adziwa amene akunenedwa. Inu lero palibe akukutsekani pakamwa choncho, koma mukudikira kuti wina akuuzeni chonena.

Mwina muziti kuno kulibe nkhani. Kulibe bwanji? Steve Chimombo, mphunzitsi wa ku Chancellor College, mwana wa ku Zomba, analemba sewero lotchedwa The Rainmaker, limene linasindikizidwa mu 1978. Nkhani yake ndi ya M'bona, wolosera mvula uja amene kachisi wake ali ku Khulubvi, kuno kwathu ku Nsanje, pamtunda woti mwendo ukhoza kufika. Munthu wa kumtunda anaona kuti nkhani yathu ndi yoyenera bwalo, eni akefe tili chete. Ndipo nkhani sizinathere pa M'bona. Kuli banja limene lakana kuchoka kudimba chifukwa manda a makolo ali komweko, pamene mwana wawo wophunzira akuti tiyeni kumtunda. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo sewero labwino limabadwa pamene mbali zonse zili ndi mfundo. Kuli doko la Nsanje lija limene linatsegulidwa ndi nthungululu mu 2010, sitima zonyamula katundu osabwera. Kuli mlimi wa thonje amene wagulitsa pamtengo wolira. Kuli mkazi wamasiye amene akukana mwambo wa kulowa kufa. Bungwe lidzakuuzani kuti mungonena kuti mwambowo ndi woipa, basi. Wolemba weniweni adzationetsa apongozi ake a mkaziyo, mantha awo, ndi usiku umene mkaziyo anaganiza zothawa.

Za chilankhulo musavutike nazo. Du ankalemba kwambiri m'Chingerezi chifukwa oonera ake anali a m'tauni. Koma a Kwathu Drama Group ankadzaza maholo ndi Chichewa, ndipo John Nyanga ndi Eric Mabedi, aja tinkawatcha Izeki ndi Jakobo, anadziwika mpaka kumudzi kopanda magetsi. Inu muli ndi Chisena ndi Chimang'anja. Agogo a m'sewero alankhule monga amalankhulira agogo enieni a kuno, ndipo ngati pafunika nyimbo, valimba ndi utse tili nazo.

Tsono lembani. Mawu anga enieni ndi amenewa. Chizolowezi chanu chogawana mbali pakamwa, aliyense n'kumapeka mawu ali pabwalo, chimathandiza pa sewero la mphindi khumi. Koma sewero losalembedwa limachoka ndi mwini wake tsiku limene wakwera basi kupita kukadula nzimbe ku Nchalo kapena kukafuna ntchito ku Joni. Gulani kope, mulembe mawu a munthu aliyense, muwerenge mokweza, mufufute pamene pakuzizira. Du ataikidwa m'manda, Gertrude Kamkwatira, amene anaphunzira ntchitoyi m'gulu lomwelo, anaitenga n'kupitiriza, kenako n'kuyambitsa gulu lakelake la Wanna Do. Anatha kutero chifukwa mphunzitsi wake anasiya anthu osulidwa bwino, amene ankadziwa kulemba ndi kukonzekera.

Nkhani ya ndalama nayo musaichitire manyazi, pakuti ndi imene imapha magulu ambiri, kuno ndi kunja komwe. Ku Amereka kunali John Howard Payne, wobadwa mu 1791, amene anatchuka pa zisudzo ku New York akadali mnyamata, n'kupita ku London. Analemba masewero ambiri, ndi mawu a nyimbo imene inamveka dziko lonse, koma ndalama zinkalowa m'matumba a ena, ndipo nthawi ina anatsekeredwa m'ndende chifukwa cha ngongole. Inu musankhe msungichuma amene si mtsogoleri wa gulu, ndipo za pakhomo ziwerengedwe onse akuona, tsiku lomwelo.

Pali chinanso chimene sindingakubisireni pa Du. Mu 1993, chaka cha referendamu, analowa chipani cha Malawi Congress n'kupatsidwa unduna woona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe, m'boma lomwe lija masewero ake ankalibaya. Ambiri amene ankamuombera m'manja anakhumudwa. Sindimuweruza, chifukwa za mumtima mwake ankazidziwa yekha, koma ine ndimaona kuti oonera sanamumvenso monga kale. Nthawi ya kampeni adzabwera kwa inu ndi nsalu ndi ma T-shirt kuti mukaseketse anthu pamsonkhano. Muyambe mwadzifunsa ngati mudzathe kusewera za munthu ameneyo akadzapambana n'kuiwala mjigo umene analonjeza.

Ndipo mukafuna kugwira nkhani ya M'bona, musathamange. Ku Khulubvi kuli malamulo ake ndi eni ake. Pitani kwa anyakwawa, akufikitseni kwa a Malemia ndi akuluakulu osunga kachisi, mufunse zimene zingatuluke pabwalo ndi zimene siziyenera kutuluka. Popita mutenge kope lija.