Mandala a Mcenga, ndi Funso la Nchito Yosakhalitsa

Owerenga athu, m'mudzi uli wonse muli nchito za mitundu iwiri. Iripo nchito imene ikhala pamaso pa anthu zaka zambiri, monga nyumba ya njerwa, mlatho wa pamtsinje, kapena citsime cokumbidwa bwino. Iriponso nchito imene itha msanga: nsima iphikidwa masana, ndipo dzuwa lisanapendeke mbale zatsala zopanda kanthu, bwalo lisesedwa m'mamawa, ndipo madzulo masamba ali mbwee pomwepo, mizere ilimidwa caka cino, ndipo caka ca mawa khasu liiphwasula ndi kukweza ina. Anthu ambiri alemekeza nchito yoyambayo, napeputsa inzace. Wina anena mumtima mwace, Cinthu cimene cidzafafanizika mawa, ndicibvutikirenji lero? Funso limeneli si lacibwana, ndipo tifuna kulisinkhasinkha pamodzi ndi inu. Kuti tilione bwino, tiyambe tapita kutali, ku Tibet, dziko la pamwamba pa mapiri a Himalaya, kumene kuli amisiri opanga cinthu cokongola koposa ali kudziwa kuti adzacisesa ndi manja ao omwe. Za cipembedzo cao sitiweruza pano. Tifuna kuphunzira pa nchito ya manja ao.

Poyamba tikonze za dzina. Kwathu kuno mau akuti mandala atikumbutsa magalasi a m'maso, ndiponso nyumba ija ya malonda ku Blantyre, yomangidwa caka ca 1882, imene inalandira dzinali cifukwa John Moir, mmodzi wa akuru a kampaniyo, anali kubvala mandala. Koma mandala amene tinena lero ndi mau ena ndithu, ofanana ndi athu m'kamvekedwe kokha. Acokera ku Sanskrit, cinenero cakale ca ku India, ndipo tanthauzo lace ndilo cinthu cozungulira.

Otsata ciphunzitso ca Buddha ku Tibet ndi ku Nepal, ndiponso Ahindu a ku India, achula ndi dzina limeneli cithunzi cokhala ndi pakati pace peni peni, cimene zonse zolembedwamo zizinga pakatipo mwa dongosolo, mzere ndi mzere. Mandala a ku Tibet afanizira nyumba ya mfumu monga ingaonekere kwa mbalame youluka pamwamba pace. Pali linga la ngondya zinai, ndi zipata zinai zoloza kum'mawa, kumwera, kumadzulo ndi kumpoto; kunja kwa linga kuli mizere yozungulira, ndipo umodzi wa iyo ndiwo malawi a moto. Pakati pakhala iye amene ampembedza. Wophunzira auzidwa kuti alowe pacipata m'maganizo ace, napyole mabwalo limodzi limodzi, kusiya m'mbuyo mkwiyo, nsanje ndi umbombo, kufikira atafika pakati. Mandala ena ochuka achedwa Kalachakra, ndiko kunena gudumu la nthawi. M'menemo muli zizindikiro za milungu 722, ndipo mbali iri yonse iri ndi maonekedwe ace: kum'mawa nkwakuda, kumwera nkofiira, kumadzulo nkwacikasu, ndi kumpoto nkoyera.

Sikubvuta kuzindikira cifukwa cace diso likondwera ndi cithunzi cotere, ngakhale diso la munthu wosadziwa tanthauzo lace. Diso lifuna pokhala. Likapeza pakati lipumula, licoka pomwepo kukaona za m'mbali, nilibweranso losasokera. Mbali ya kumanja iyankha ya kumanzere, ndipo palibe kanthu kokhala pa malo osati ace. Tiona zomwezo pa duwa la mpendadzuwa, pa ukonde wa kangaude, pa madzi a dziwe mwana akaponyamo mwala, ndi pa tsindwi la nyumba yozungulira tikagona cagada ndi kupenya mapaso onse ali kukomana pansonga.

Mandala ena alembedwa pansaru kapena pakhoma, nakhala zaka mazana. Koma otidabwitsa ndiwo a mcenga. Awapanga amonke, ndiwo amuna amene anasiya ukwati ndi cuma kuti atumikire cipembedzo cao. Ayamba ndi mapemphero, nalemba mizere pa thabwa lalikuru losalala, poyesa ndi cingwe copakidwa coko, kuti pasakhale mbali yoposa inzace. Atatha izi atenga mcenga wosalala ngati ufa. Kale anali kuupera kucokera ku miyala ya maonekedwe osiyana, koma masiku ano kawiri kawiri apera mwala woyera naunyika mu utoto. Authira m'kacitsulo kobooka konga nyanga yaing'ono, kochedwa chak-pur, kokhala ndi timano pamsana pace. Ndipo akakanda timanoto ndi kacitsulo kena, mcenga uturuka kunsonga pang'ono pang'ono, wopyapyala ngati ulusi. Ayambira pakati nanka kunja, kawiri kawiri anthu anai, yense ku mbali yace, atawerama kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Nchitoyi itenga masiku angapo, ndipo mandala akuru atenga masabata. Palibe ulimbo wogwira mcengawo. Kutsokomola kamodzi, kapena nsaru ya pamkono yokhudza pansi, zikhoza kuononga nchito ya tsiku lonse. Akuru athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amisiri awa akudziwa kudekha kumeneko.

Kale zithunzi zimenezi zinali za m'nyumba zao zopembedzeramo, ndipo alendo sanazidziwa. Caka ca 1959 mtsogoleri wao, Dalai Lama, anathawira ku India pamodzi ndi anthu ace ambiri, ndipo luso lao linaturuka nao. Caka ca 1988 amonke anapanga mandala a Kalachakra pamaso pa anthu onse m'nyumba yoonetseramo zinthu ya American Museum of Natural History ku New York, ndipo kuyambira pamenepo anthu a maiko ambiri aona nchitoyi ndi maso ao.

Tsono imvani cimariziro cace. Cithunzi citatha, ndi mapemphero atacitika, mkuru wa amonke adula mizere pa mcengawo kucokera m'mbali kulowera pakati. Pomwepo ena atenga titsace tofewa, nasesa zonse kucokera kunja, kufikira zipata, malinga ndi maluwa zasanduka kamulu ka mcenga wotumbuluka. Pang'ono agawira anthu amene anadza kudzaona. Wotsalawo authira m'nsupa, naunyamula pa mdipiti kunka kumtsinje, nautsanulira m'madzi oyenda, kuti dalitso lace, monga akhulupirira iwo, lifike kwa zamoyo zonse. Pathabwa sipatsala kanthu.

Wowerenga wina adzati, Kodi kumeneku si kutaya nthawi ndi mphamvu? Amonke ayankha kuti afuna kuphunzitsa anthu kuti cinthu ciri conse columikizidwa cidzapasuka, ndi kuti mtima woumirira zinthu udzitengera cisoni. Koma ife tiona kanthu kena. Phunziro limenelo akadakhoza kulipereka ndi cithunzi ca pansi colembedwa ndi cala, cosatenga ndi ora lomwe. Codabwitsa ndi ici, kuti adziwa za tsace asanathire mcenga woyamba, ndipo ngakhale adziwa, salumpha mzere, sakhotetsa ngondya, sanena kuti, Apa palibe adzapenya. Agwirizanitsa zinthu ziwiri zimene mwa ife zikhala kawiri kawiri zolekana, ndizo kusamala ndi mtima wonse ndi kumasula dzanja nthawi ikakwana. Munthu wosamala nchito yace amaiumirira, nawawidwa mtima ikatha. Ndipo munthu wosabvutika pakutaya cinthu ndiye kawiri kawiri amene sanacikhetsere thukuta.

Tiyeni tifunsenso ngati nchito yokhalitsa iri yokhalitsa payokha. Pa cisumbu ca Java, m'dziko la Indonesia, pali Borobudur, ndiwo mandala omangidwa ndi miyala pafupi ndi caka ca 800. Ali ndi nsanja zisanu ndi zinai zosanjikana ngati phiri, zisanu ndi imodzi za ngondya zinai ndi zitatu zozungulira, ndi mafano a Buddha 504. Munthu akwera pozungulira nsanja iri yonse kufikira pamwamba. Amene anamanga anafuna ndithu kuti nchito yao ikhale. Koma anthu atacokapo, phulusa la mapiri a moto ndi mitengo ya m'thengo zinaibisa zaka mazana. Caka ca 1814 Thomas Stamford Raffles, amene anali kulamulira Java, anatuma anthu kukadula mitengo ndi kufukula miyalayo. Kuyambira 1975 kufikira 1982 boma la Indonesia ndi bungwe la UNESCO anaphwasula mbali yaikuru ndi kuimanganso mwala ndi mwala. Ndipo caka ca 2010 phiri la Merapi linaphulika, phulusa linagweranso pa miyalayo, ndipo anthu ambiri analicotsa ndi manja, ndi matsace, ndi madzi. Taonani tsono: mwala ukhala cifukwa alipo wina wousesa. Momwemonso nyumba ya njerwa iima zaka cifukwa tsiku ndi tsiku wina asesamo, aphwanya njira za ciswe, nakonza podontha. Nchito yokhalitsa isenzedwa ndi nchito yosakhalitsa, ndipo wotama imodzi ndi kunyoza inzace sanapenye bwino.

Litsala funso lakuti, Nanga phindu la nchito yofafanizika linka kuti? Anthu a mitundu ina iwiri atithandiza kuyankha, ngakhale iwo sachula zithunzi zao ndi dzina la mandala. Ku Tamil Nadu, kumwera kwa India, akazi adzuka mbanda kuca, nasesa pakhomo, nawazapo madzi, nalembapo ndi ufa wa mpunga cithunzi ca madontho ndi mizere yolukana, cochedwa kolam. Masana anthu acipondaponda, nyerere ndi mbalame zidya ufawo, ndipo m'mawa mwace mai alemba cina. Cithunzico cilandira mlendo, cidyetsa tizilombo, ndi kuuza mudzi kuti m'nyumbamo muli moyo. Ku Arizona ndi New Mexico, m'dziko la America, sing'anga wa mtundu wa Navajo alemba cithunzi ca mcenga pansi m'nyumba, wodwala nakhala pakati pace pamene nyimbo ziyimbidwa. Mwambo utatha acifafaniza, naturutsa mcengawo kunja. Cithunzico cinalembedwera munthu wodwalayo, ndipo citamtumikira catha nchito yace. Potero tiona kuti phindu la nchito zotere licoka pa cinthu nililowa mwa anthu. Nsima isowa m'mbale, koma mwana akula nayo. Madzi otungidwa m'mawa atha, koma wodwala wasamba. Ndipo wogwira nchitoyo apindulanso, pakuti dzanja lozolowera kusamala pamene palibe wopenya lidzasamalanso pa cinthu cacikuru.

Koma ticenjere, pakuti phunziro ili likhoza kupotozedwa pawiri. Waulesi adzati, Zonse nzakutha, cifukwa cace ndifolere denga langa mwa cisawawa. Iai, cinthu ciri conse ciri ndi nthawi yace yoyenera kukhala. Mandala a mcenga ayenera kukhala masiku, denga liyenera kupyola mvula zingapo, ndipo citsime ciyenera kumwetsa adzukuru. Wocimanga kuti cigwe msanga waba madzi a anzace. Woononga nayenso adzati, Popeza cinali kudzatha, ndalakwanji pocipasula? Tamvani cimene cinacitika caka ca 2007 ku Kansas City, m'dziko la America. Amonke anali atagwira nchito masiku awiri pa mandala ao m'nyumba ya Union Station. Iwo atacoka, kamwana kakang'ono kanapyola pansi pa cingwe cochinga, nikabvina pa mcengawo kufikira zonse zinasokonezeka. Amonke pobwera sanakwiyire mwanayo, pakuti sanadziwa cimene anacita. Komanso sanati, Tsace lafika msanga, tiyeni kwathu. Anagwada nayambanso. Anadziwa kuti kusesa nchito yotsirizika pa nthawi yace ndi kusokonezeka kwa nchito ya pakati ziri zinthu ziwiri, ndi kuti munthu samasula mwaulemu cinthu cimene sanacitsirize.

Cotero, owerenga athu, tiyesa kuti masiku amene nchito ikhala si muyeso wokwanira wa ulemu wace. Muyeso woposa ndiwo uwu: kodi inathandiza yani, ndipo kodi inacitidwa ndi mtima wonse? Tikayesa motere, tidzaona kuti m'midzi mwathu muli amisiri ambiri amene sitiwachula. Alipo amai amene azira pansi ndi kukongoletsa khoma ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, ali kudziwa kuti mvula yoyamba idzalitsuka. Alipo ana aakazi otunga madzi, anyamata oweta mbuzi, ndi okalamba ocezera odwala usiku wonse. Nchito yao siisiya cipilala, ndipo cifukwa ca ici kawiri kawiri siilandira ngakhale mau oyamika. Mwamuna wakudya nsima yophikidwa bwino anene kuti yakoma. Wolowa m'bwalo losesedwa alione, naleke kutayapo makoko. Ndipo pamene tiphunzitsa ana athu kusesa, kutsuka mbale kapena kupalira, tisawauze kuti acite msanga popeza ndi nchito yacabe, koma tiwaonetse kacitidwe kace kabwino, ndi kukhala nao kufikira ataitsiriza.